Lamba Akadya Dzanja: Zimene Wantchito Wovulala Ayenera Kulandira

Lamba wonyamula katundu m'fakitale saoneka woopsa. Amangoyenda phee, atasenza matumba a feteleza, mabelo a fodya kapena makatoni. Koma pamene lambayo akulowera pa gudumu lomuzunguza pali kampata kakang'ono, ndipo chilichonse chokodwa pamenepo, kaya ndi mkono wa ovolosi, golovesi kapena chala, chimakokedwa munthu asanakuwe n'komwe. Amene anakhalapo pachigayo akudziwa mmene lamba wa injini amalilira. Ukali wake ndi womwewo.

Ngozi zambiri zotere zimachitika makina akatsamwa. Thumba lapingasa, ntchito yaima, kapitawo akukalipa kuti lole ikudikira panja. Wantchito amapisa dzanja kuti akoke chotsekacho osazimitsa magetsi, kapena azimitsa ndithu koma mnzake amene sakumuona n'kuyatsanso. Forklift nayo ili ndi zake: imakhota ndi matayala akumbuyo, motero thako lake limakankhira munthu kukhoma kapena kum'ponda phazi woyendetsa akuyang'ana kutsogolo.

Ku America, kuyambira pa 1 January 2015, bungwe loona za chitetezo pantchito la OSHA linalamula kuti kampani izinena pasanathe maola 24 wantchito akaduka chiwalo. M'chaka choyamba chokhacho linalandira malipoti 2,644. Kumenekotu n'kumene kuli lamulo lakuti wokonza makina akhome loko yakeyake paswichi, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Loko sidula, koma mabwana ambiri amaona ngati mphindi zoimitsira makina ndi ndalama yotayika.

Kuno kumudzi malamulo alipo. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pantchito la 1997 limakakamiza mwini ntchito kutchinga mbali zoopsa za makina. Lamulo la chipukutamisozi cha antchito la 2000 limanena za zimene ziyenera kuchitika magazi akatuluka. Wovulala safunika kuyamba watsimikiza kuti bwana ndiye analakwa. Chachikulu n'chakuti ngoziyo yachitika ali pantchito komanso chifukwa cha ntchitoyo. Bwana amalipira za kuchipatala, mankhwala, mayendedwe, ngakhalenso dzanja kapena mwendo wochita kupanga.

Nanga ndalama? Munthu akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito, amalandira malipiro a miyezi 54 nthawi imodzi. Akamwalira, a m'banja lake amalandira a miyezi 42. Woduka chala kapena dzanja amalandira gawo la miyezi 54 ija malinga ndi kukula kwa chilemacho, ndipo apa lipoti la dokotala ndi limene limalankhula. Tiyerekeze munthu wolandira K150,000 pamwezi: kulumala kotheratu ndi K8,100,000, theka lake ndi K4,050,000. Si ndalama yobweza dzanja, komabe ili kutalitali ndi ka envelopu ka "pepani" kamene ena amapatsidwa pabedi lachipatala pamodzi ndi pepala loti asayine, mankhwala opha ululu adakali m'mutu.

Pepala limenelo lisasayinidwe mopupuluma. Ngozi iyenera kukanenedwa ku ofesi ya zantchito ya m'boma, imene ambiri amangoitcha ya leba, ndipo nkhani imakafika kwa Komishonala wa chipukutamisozi. Ngati bwana akuzengereza, wovulala kapena m'bale wake akhoza kupita yekha. Buku la kuchipatala, mapepala a malipiro ndi mayina a anzake amene anaona ngoziyo n'zofunika kusunga, chifukwa pakapita miyezi mboni zimasamuka, zina zimaopa kuchotsedwa ntchito. Pamene zikuoneka kuti makina analibe chotchinga, ndi bwino kufunsa loya kapena a Legal Aid Bureau za mlandu wa kusasamala.

Ziwalo zochita kupanga zimapezeka m'dziko momwe muno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Mzuzu Central. Bilu yake ipite kwa bwana.