Kuphunzitsa Ana Kadyedwe Koyenera Popanda Kunyoza Matupi Awo

Makolo, alezi a m'sukulu za mkombaphala ndi onse osamalira ana ku Mchengautuwa komanso m'madera ena a mzinda wa Mzuzu akupemphedwa kusamala ndi mawu amene amalankhula kwa mwana pa nthawi ya chakudya. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amakhulupirira chilichonse chimene wamkulu wanena za thupi lake. Akamatchedwa "chimimba" tsiku ndi tsiku, amayamba kudya mobisa kapena mwamanyazi. Akamanenedwa kuti ndi wowonda ngati bango, amadziona ngati wodwala, poti kwathu kuno kuwonda kwakhala kukutengedwa ngati chizindikiro cha matenda kapena umphawi.

Nkhawa ya makolo njomveka. Kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kafukufuku yemweyo adaonetsanso kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse anali wolemera thupi kupyola muyezo, makamaka m'mizinda. Mavuto awiriwa amatha kupezeka m'nyumba imodzi.

Komabe maso amanyenga. Mwana wooneka wonenepa atha kukhala wotupikana chifukwa cha kunyentchera, pomwe wina wochepa thupi akukula bwinobwino monga mwa mtundu wa kwawo. N'chifukwa chake kakulidwe ka mwana kamayezedwa ku sikelo. Kumeneko alangizi a zaumoyo amayeza kulemera ndi msinkhu, nkulemba m'buku la kuchipatala. Amayezanso mkono ndi kalamba kamitundu: mwana wa miyezi 6 mpaka 59 amene mkono wake sukufika masentimita 11.5 amafunika chithandizo msanga. Zotsatira zake zikambidwe pakati pa kholo ndi mlangizi, osati kulengezedwa pamaso pa mwana ndi anzake.

Chimene mwana ayenera kumva kunyumba ndi ntchito ya chakudya m'thupi. Magulu a zakudya alipo asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Onsewa amapezeka m'misika ya ku Mzuzu. Muuzeni kuti nsima, kondowole ndi nthochi zophika zimapatsa mphamvu zothamangira; kuti usipa wa ku Nkhata Bay, wodyedwa ndi minga yake yomwe, umalimbitsa mafupa ndi mano; kuti maungu, mapapaya ndi mbatata yofiira mkati zimathandiza maso. Nkhwani zotendera zili ndi masamba ndi mtedza m'mbale imodzi. Mawu otere mwana amawagwira msanga, ndipo samupatsa chifukwa chodana ndi thupi lake.

Udindo ugawidwe motere: kholo lisankhe chakudya ndi nthawi yodyera, mwana anene ngati wakhuta. Kumukakamiza kumaliza nsima, kapena kumulanda mbale pomuopseza kuti anenepa, kumamuiwalitsa kumvera njala ndi kukhuta kwake. Wamng'ono apatsidwe mbale yakeyake, chifukwa pa mbale ya onse akuluakulu amamaliza ndiwo iye akadali pa mbamu yachiwiri. Akakana bonongwe lero, mupatseninso tsiku lina mosakalipa. Ana ambiri amalandira chakudya chatsopano atachiona kangapo.

Nanga maswiti, mandasi ndi zakumwa zotsekemera za pa okala? Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku. Choncho zichepe ndithu. Koma kuzisandutsa mphoto ya womaliza masamba n'kulakwitsa, chifukwa mwana amaphunzirapo kuti masamba ndi chilango. Nkokwanira kumuuza kuti izi ndi za apo ndi apo, pomwe zipatso ndi madzi ndi za tsiku lililonse.

Akuluakulu asamalenso zimene amanena za matupi awo eni ndi a anansi, pakuti ana amamvetsera ngakhale akuoneka ngati akusewera. Agogo ndi alendo okonda kuyerekeza ana apachibale apemphedwe mwaulemu kuti aleke.

Mwana akatupa mapazi, akasiya kudya kwa masiku angapo, kapena kulemera kwake kukaima miyezi iwiri yotsatizana, pitani naye ku chipatala chapafupi osadikira tsiku la sikelo.