Maloto Anu Akukuzani Kapena Akuchepetsani?

Nkhani ya maloto si yachilendo m'mipingo yathu ya ku Tsangano ndi ku Macanga. Makolo athu ankakhulupirira kuti mizimu ya akufa imalankhula kutulo, ndipo munthu akalota malemu, abale ankafulula mowa wa nsembe. Lero ambiri tidalandira Uthenga Wabwino, koma maloto akadatisautsabe. Wina alota azakhali ake akumuthamangitsa, m'mawa wake nkhalamba yosalakwa yatchedwa mfiti. Wina alota atavala mkanjo woyera, posakhalitsa wapatula nkhosa za Mulungu nayambitsa mpingo wakewake. Nanga Malemba akutiphunzitsa chiyani? Tiyeni timveko kwa Ayuda, amene Mulungu adawasungitsa Chipangano Chakale.

Tirigu ndi mankhusu

Pa Yeremiya 23:28 mneneri akusiyanitsa loto ndi mawu a Yehova monga mlimi asiyanitsa mankhusu ndi tirigu. Inu a ku Tsangano, amene mumalima tirigu m'mapiri ozizirawo, fanizoli mukulidziwa bwino: palibe apereka tirigu kuchigayo asanapunthe ndi kupeta. Aphunzitsi a Chiyuda, m'buku lawo la Talmud, adaphunzira pa vesili kuti monga tirigu salephera kukhala ndi mankhusu, loto lililonse lili ndi zachabe zake. Chitsanzo chawo ndi Yosefe yemwe. Iye adalota dzuwa, mwezi ndi nyenyezi 11 zikumugwadira, chonsecho amayi ake, Rakele, amene mwezi unkaimira, anali atamwalira kale. Aphunzitsi omwewo adati loto ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 60 a uneneri. Choncho sadalinyoze loto, komanso sadalilambire.

Yosefe: zaka 22 za kusulidwa

Yosefe anali ndi zaka 17 pamene adalota mitolo ya abale ake ikugwadira mtolo wake (Genesis 37). Loto linali loona, koma mnyamatayo adalifotokoza mosasamala mitima ya abale ake, amene ankamuda kale chifukwa cha malaya amene atate ake adamusokera. Rashi, mphunzitsi wa Chiyuda wa ku Troyes m'dziko la France, amene adamwalira mu 1105, adalemba kuti Yosefe anali ndi zachibwana, wokonda kukonza tsitsi lake kuti aoneke bwino. Zotsatira zake zinali dzenje, ukapolo kwa Potifara ndi ndende.

Taonani tsono munthu yemweyo ali ndi zaka 30, ataimirira pamaso pa Farao. Mfumu ikumutama kuti ndi katswiri womasulira maloto, koma iye akukana ulemuwo naubwezera kwa Mulungu (Genesis 41:16). Padapitanso zaka 7 za dzinthu dzambiri ndi zaka 2 za njala abale ake asanamuzindikire. Zonse pamodzi ndi zaka 22, ndipo Talmud imati munthu ayenera kudikira loto labwino kufikira zaka zimenezo. Ife amene tidakhala m'misasa ya othawa nkhondo ku Ntcheu ndi ku Dedza, kufikira pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tikudziwa kuti kudikira n'chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo loto litakwaniritsidwa, Yosefe sadalipsire abale ake, koma adalira, nawakhululukira, nawadyetsa.

Nebukadinezara: chenjezo losamveka

Mfumu ya ku Babulo idalota mtengo waukulu wofika kumwamba ukulikhidwa (Danieli 4). Danieli adaichenjeza kuti ileke machimo ake ndi kuchitira chifundo aumphawi. Patapita miyezi 12, mfumuyo idayenda pamwamba pa nyumba yake yachifumu, ikudzitama kuti idamanga Babulo ndi mphamvu zake. Mawu akali m'kamwa, nzeru zidaichokera, nidya udzu ngati ng'ombe kufikira idakweza maso kumwamba. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Mlimi wa fodya wa ku Furancungo kapena wa kachewere wa ku Tsangano, ndalama zikalowa m'thumba, akumbukire amene adagwetsa mvula.

Mose: wofatsa woposa onse

Pa Numeri 12, Miriamu ndi Aroni adadzikuza nati Yehova amalankhulanso mwa iwo. Yehova adayankha kuti aneneri ena amawayankhula m'masomphenya ndi m'maloto, koma Mose amayankhula naye pakamwa ndi pakamwa. Mutu womwewo ukutiuza kuti Mose anali wofatsa koposa anthu onse a padziko. Amene adayandikira kwambiri kwa Mulungu ndiye adadzichepetsa kwambiri. N'chifukwa chake Maimonides, mphunzitsi wina wamkulu wa Ayuda amene adamwalira mu 1204, adalangiza kuti ngakhale pa makhalidwe ambiri munthu ayende pakatikati, pa kudzikuza athawire kutali ndithu.

Tichite chiyani tsono?

Choyamba, petani loto lanu ndi lichero la Malemba. Loto lotsutsana ndi Mawu a Mulungu ndi mankhusu. Chachiwiri, musatchule munthu mfiti chifukwa cha loto. Chilamulo chimafuna mboni ziwiri kapena zitatu (Deuteronomo 19:15), ndipo loto si mboni. Chachitatu, loto likakuvutani, pitani nalo kwa abusa kapena akulu a mpingo mukapemphere pamodzi, osati kwa wofuna mbuzi kapena ndalama kuti akumasulireni. Chachinayi, dzifunseni: kodi loto ili likukweza ine kapena likukweza Khristu?

Ambuye wathu Yesu adadzichepetsa kufikira imfa ya pamtanda, ndipo Mulungu adamukweza (Afilipi 2). Njira yake ndiyo njira yathu. Mzimu Woyera atipatse mtima wofatsa, tili maso ndiponso tili mtulo. Amen.