Khansa ya pakhungu yomwe imabisala m'matumbo

Mukamva za melanoma mwina mumaganiza za azungu ogona padzuwa m'mbali mwa nyanja. N'zoona, khansa imeneyi imakonda khungu. Koma maselo opatsa khungu mtundu wake amapezekanso m'kamwa, kummero ndi kumapeto kwa matumbo, potulukira chimbudzi. Kumenekonso melanoma imatha kuyamba, dzuwa losafikako n'komwe. Ndi yosowa: pa odwala melanoma 100, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene yake imayambira m'malo onyowa a m'kati mwa thupi ngati amenewa.

Choopsa chake n'chakuti ikamera potulukira chimbudzi imafanana ndi matenda a mudzi. Magazi pochita chimbudzi, kachotupa, kuyabwa, kuwawa. Munthu amagula mafuta opaka ku famase, wina amathamangira zitsamba, miyezi n'kumapita. Manyazi nawonso amatichedwetsa, nanga ndani amafuna kuvulira dokotala kumeneko? Komanso zotupa zina sizikhala zakuda ayi, moti ngakhale dokotala sangatsimikize ndi maso okha. Pamafunika kudula kanyama n'kukayeza ku labotale. Ngati mwalandira mankhwala a mudzi koma magazi sakuleka, bwererani kuchipatala mukapemphe kuyezedwa bwinobwino.

Chithandizo choyamba ndi opaleshoni. Kale madokotala ankachotsa gawo lonse lakumapeto kwa matumbo, wodwala n'kumachitira chimbudzi m'kathumba kapamimba moyo wake wonse. Masiku ano ambiri amangochotsa chotupacho ndi kamnofu kozungulira ngati n'kotheka, chifukwa zaoneka kuti opaleshoni yaikuluyo nthawi zambiri siitalikitsa moyo. Chomwe chimapha ndi kufalikira kwa khansayo ku chiwindi ndi mapapo. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene akufunabe kugwira ntchito ndi kukhala pabanja, kusintha kumeneku si nkhani yaing'ono.

Ikafalikira, pali mankhwala omasula chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa. Ipilimumab anavomerezedwa ku America mu 2011, nivolumab ndi pembrolizumab mu 2014, ndipo James Allison ndi Tasuku Honjo, omwe kafukufuku wawo anatsegula njirayi, analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Komatu pa melanoma ya m'matumbo sagwira ntchito bwino ngati pa ya pakhungu, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Odwala ena chotupa chawo chimakhala ndi vuto pa jini yotchedwa KIT. Amenewa amatha kuthandizidwa ndi mapiritsi a imatinib, omwe poyamba anapangidwira khansa ya m'magazi.