Kodi Njinga ya Agogo Ili ndi Zaka Zingati?

M'makomo ambiri kuno kunyanja muli njinga yakale imene yangokolekedwa kudenga, matayala ataphwa. Kwathu idalipo yotere. Inali Raleigh ya mahandulo opindikira pansi, yonga yampikisano, imene malemu agogo athu adatisiyira. Tsiku lina kudabwera munthu wofuna kuigula ngati chitsulo chakutha, ndipo banja lidagawanika. Ena ankati tiitaye, ena ankati ndi chuma chifukwa agogo adabwera nayo kuchokera ku Joni m'masiku a Wenela. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, choncho tidayamba tafufuza zaka zake. Zimene tidaphunzira tikuzipereka kwa inu owerenga.

Yambani ndi felemu

Matayala, chishalo, tcheni ndi mapedulo zimasinthidwa kangapo pa moyo wa njinga. Chimene chimakhalitsa ndi felemu. Tembenuzani njinga chagada, pukutani ndi nsalu yonyowetsa mu parafini, ndipo funani nambala yodinda pachitsulo. Kawirikawiri imakhala kunsi kumene mapedulo amazungulira, kapena pansi pa chishalo, kapena pamene gudumu lakumbuyo limamangidwa. Musakwechepo ndi sandipepa, mungafute nambalayo.

Kampani ya Raleigh, ya mumzinda wa Nottingham ku Mangalande, idayamba kudinda manambala motsata dongosolo limodzi cha m'ma 1974. Chilembo choyamba chimanena fakitale: N ndi Nottingham, W ndi Worksop. Chilembo chachiwiri chimanena nyengo ya m'chaka. Nambala yoyamba pambuyo pa zilembozo ndi nambala yotsiriza ya chaka. Pa yathu padali W, chilembo china, kenaka 6. Chaka chikadatha kukhala 1976 kapena 1986. Fakitale ya Worksop idatsekedwa mu 1981, koma chilembo W chidapitiriza kudindidwa pambuyo pake, ndiye nambala yokha siidatithandize kusankha pakati pa zaka ziwirizi.

Apa nkhani ya Wenela idagwa, pakuti boma lidaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi ambiri ochokera kumigodi. Titafunsitsa, azakhali athu adakumbuka kuti njinga ya ku Joni idagulitsidwa kalekale. Iyi agogo adaigula kwa mphunzitsi wina wachizungu amene ankabwerera kwawo.

Funsaninso zipangizo

Mboni imodzi siikwana. Ngati njinga yanu ili ndi magiya atatu obisika m'kati mwa habu yakumbuyo, pukutani habuyo. Kampani ya Sturmey-Archer inkadindapo chaka ndi mwezi. Mukaona 68 ndi 7, ndiye kuti habuyo idapangidwa mu Julaye 1968.

Zipangizo za Shimano za ku Japan zili ndi tizilembo tiwiri kumbuyo kwake. Koyamba ndi chaka, kuyambira A wa 1976, B wa 1977, mpaka kutsogolo. Kachiwiri ndi mwezi, A kukhala Januwale. Dziwani kuti zilembozi zidayambiranso pa A mu 2002. Ngati zipangizo zitatu kapena zinayi zikuloza chaka chimodzi, mwayandikira choonadi. Chimodzi chikasiyana ndi zinzake, ndiye kuti wokonza njinga wina adachiika pambuyo pake.

Maonekedwe nawo amathandiza. Mikono ya mapedulo yomangidwa ndi kotapini idali itayamba kale kusowa pa njinga zampikisano pofika m'zaka za m'ma 1970. Magiya olira kuti "tche" posintha adafala Shimano itawatulutsa mu 1984, ndipo osinthira pa chogwirira cha buleki adabwera mu 1990. Komabe njinga zonyamulira nsomba ndi makala zidapitiriza kupangidwa ndi kotapini kwa zaka zambiri, choncho kotapini payekha sapereka umboni wa ukalamba.

Chenjerani ndi dzina

Chizindikiro cha kutsogolo chingathe kunyenga. Cha Raleigh chili ndi mutu wa mbalame yonga kakowa, koma maina ena otchuka analinso a kampani yomweyo. Raleigh idagula Humber mu 1932, Rudge mu 1943 ndi njinga za BSA mu 1957. Motero Humber ya m'ma 1960 idachokera m'manja mwa Raleigh. Kapepala kolembedwa Reynolds 531 kamasonyeza chitsulo chabwino chopepuka, koma chitsulochi chidayamba mu 1935 ndipo chidagwiritsidwa ntchito zaka zambiri. Sichinganene chaka.

Ife njinga ija sitidaigulitse. Tidalemba nambala yake ndi mbiri yake m'kope la banja, tidaika matayala atsopano, ndipo mdzukulu wa mwini wake amapita nayo kusukulu. Inu amene muli nayo kudenga, itsitseni pamene azakhali ndi amalume oidziwa akadali moyo. Mukafuna kuigulitsa, muuzeni wogula chaka chake chenicheni ndi zipangizo zimene zidasinthidwa, kuti mtengo ukomere nonse awiri.