Tchaja ya babu ndi waya ikhoza kupha

Batire ya galimoto kuno kwathu imagwira ntchito zambiri kunja kwa galimoto. Kumene nthambo za ESCOM sizinafike, ndiyo imayatsa nyale, kulizitsa wailesi ndi kuyendetsa makina ometera, ndipo m'tauni namo anthu amaidalira magetsi akathima. Ikatha moto imafuna kutchaja, ndiye poti tchaja ya m'sitolo ndi yodula, amisiri ena amalumikiza yawoyawo: babu, diode ndi mawaya awiri, kapena thiransifoma yozula m'chipangizo chakufa. Kutchaja imatchajadi. Koma imatchipa chifukwa zida zimene ntchito yake ndi kuteteza munthu mulibemo.

Yoopsa koposa ndi ya babu ija. Magetsi a pakhoma amabwera ndi mavolti 230, pamene batire ndi ya mavolti 12. Tchaja yeniyeni ili ndi thiransifoma imene imatsitsa mphamvuyo ndi kulekanitsa mawaya a pakhoma ndi mawaya opita ku batire, kotero kuti wogwira zopanira sakhudzana ndi magetsi a ESCOM. Babu sililekanitsa kalikonse, limangochepetsa moto woyenda. Chopanira chikasomphoka pa batire pulagi ili pakhoma, chimakhala ndi mphamvu yonse ya pakhomapo. Mawaya a pa soketi akakhala osinthanitsidwa, zimene si zachilendo m'nyumba zolumikizidwa mwachidule, ngakhale mitu ya batireyo imakhala yamoto. Ena amati mavolti 12 sangaphe munthu, ndipo akunena zoona. Koma apa chogwira munthu si batire ayi. Wina atayima chopanda nsapato pa simenti yonyowa, magetsi ochepa kwambiri, osakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a amp imodzi, akadutsa pachifuwa amatha kusokoneza kugunda kwa mtima mpaka imfa. Ndipo m'nyumba zathu, amene amakwawa pafupi ndi batire ili pansi ndi mwana.

Ya thiransifoma ili bwinoko, koma nayo sidziwa kuleka. M'galimoto muli regulator imene imasunga mphamvu ya alternator pa mavolti pafupifupi 14. Tchaja yopanga pamanja imangokankha moto ngakhale batire itadzadza, ndipo ikapyola mavolti pafupifupi 14.4, madzi a mkati amayamba kugawika n'kutulutsa mpweya wa hydrogen ndi oxygen. Otchaja ambiri akamva batire ikubwata amati yakhuta bwino, pamene kubwatako ndi chenjezo. Hydrogen saoneka, sanunkha, ndipo akangofika magawo 4 pa 100 aliwonse a mpweya amatha kuyaka. Saunjikana m'chipinda mokha, amadzadzanso m'kati mwa batire mwenimwenimo, pamwamba pa asidi. Tsono taganizani ka shopu kotseka mazenera, mabatire ali mndandanda pansi, mwini wake akugundanitsa zopanira kuti aone ngati moto ulipo. Kuthetheka kumodzi pafupi ndi zivindikiro ndi kokwanira kuphulitsa chikwama cha batire, ndipo zidutswa ndi asidi wa sulphuric zimalunjika nkhope ya amene wawerama. Diso lopsa ndi asidi nthawi zina silibwerera. Kusowa kwa fyuzi kumawonjezera: batire ya galimoto imatha kutulutsa ma amp mazanamazana mawaya akagundana, ndipo waya wopyapyala amafiira n'kuyatsa mphasa kapena denga.

Wina anena kuti wakhala akutchaja chotere zaka zambiri popanda ngozi. N'zotheka, chifukwa kuti batire iphulike pafunika mpweya wounjikana ndi kuthetheka zikumane, ndipo sizikumana tsiku lililonse. Koma tsoka silinunkha, ndipo tchajayo ilibe choletsa kukumanako. Dandaulo la ndalama ndiye lomveka, sitingalinyoze. Komabe masamu ake sagwira: batire yobwatitsidwa imauma madzi, mbale zake za mtovu zimadyeka, ndipo imafa isanakwane nthawi, pamene batire yatsopano kawirikawiri imadula kuposa tchaja yodzizimitsa yokha. Ikafa imakathera kwa oswa mabatire ofuna mtovu wake, ndipo bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza.

Luso la amisiri athu silikukanidwa pano. Wodziwa ntchito angapange tchaja yabwino ngati aikamo thiransifoma yolekanitsa, fyuzi ndi chida chodula moto batire ikadzadza, zonse zili m'bokosi lotseka. Moto wake usapyole gawo limodzi mwa khumi la mphamvu yolembedwa pa batire, monga ma amp 7 pa batire ya 70Ah. Ya babu yokhayo ilibe pokonzera, ndi yotaya. Otchaja, tchajirani popita mphepo, kutali ndi koloboyi, mbaula ndi fodya, ndipo zimitsani pakhoma musanachotse zopanira. Asidi akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 osalekeza, kenako thamangirani kuchipatala.