Katcheredwe ka Taimingi pa Injini ya Galimoto Yakale ya Triumph TR3

Mawu Oyamba

Injini ya petulo imagwira ntchito bwino pokhapokha ngati moto wa pa pulagi ukutuluka pa nthawi yake. Nthawi imeneyi ndi imene amakaniko amaitchula kuti taimingi. Kabuku kano kakufotokoza katcheredwe ka taimingi pa Triumph TR3, galimoto yaing'ono yaliwiro ya anthu awiri imene inkapangidwa ku Coventry, m'dziko la England, kuyambira 1955 mpaka 1962.

Injini ya galimotoyi, ya masilinda anayi, ndi ya m'banja limodzi ndi injini ya Standard imene inayamba kuikidwa m'thirakitala ya Ferguson mu 1947. Motero njira yofotokozedwa pano ndi yothandizanso kwa osamala mathirakitala akale a petulo. Koma manambala onse ndi a TR3. Injini ina iliyonse ili ndi manambala ake m'buku lake.

Kufunika kwa Taimingi Yoyenera

Petulo wosakanizika ndi mpweya sapsa yense nthawi imodzi, amatenga kanthawi. Pachifukwa ichi moto uyenera kutuluka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni pa silinda, malo amene mabuku a amakaniko amawatchula kuti TDC. Pa TR3 moto umatcheredwa pa madigiri 4 pisitoni isanafike pamalowo. Injini ikayamba kuthamanga, tizitsulo ta m'kati mwa disitibyuta timatambasuka n'kufulumiza motowo patokha. Komabe kufulumizaku kumayambira pamene makaniko anatchera, kotero kuti akaphonya poyambira, moto umakhala wophonya pa liwiro lililonse.

Moto ukafulumira kwambiri, mphamvu yake imalimbana ndi pisitoni imene idakakwera. Injini imalira ngati timiyala m'chitini, makamaka pachitunda, ndipo zikapitirira pisitoni imatha kubooka. Moto ukachedwa, petulo amatsirizira kupsa potuluka: injini imafooka, imatentha, imamwa petulo wambiri ndipo mavalavu otulutsa utsi amapsa. Zipangizo za injini yazaka zoposa 60 n'zosowa ndiponso n'zodula, choncho ntchito ya ola limodziyi imapulumutsa ndalama zambiri.

Zipangizo Zofunika

Pafunika masipanala, sikuludiraiva, feeler gauge yoyezera mipata, tepi yoyezera, choko, ndi babu la mavoti 12 lolumikizidwa ku mawaya awiri. Babuli limayaka mosasamala kanthu kuti ndi mutu uti wa batire umene walumikizidwa ku thupi la galimoto. Zimenezi n'zothandiza chifukwa TR3 inatuluka m'fakitale mutu wa + uli wolumikizidwa ku thupi, mosiyana ndi magalimoto a masiku ano.

Ndondomeko Yake

1. Galimoto iimikidwe pamalo osatsetsereka, ichotsedwe m'giya, handibuleki ikokedwe ndipo kiyi azimitsidwe. Mapulagi onse anayi achotsedwe kuti injini izizungulira mosavuta.

2. Mpata wa mapoyinti uyambe wakonzedwa. Mapoyinti akatseguka kotheratu, mpatawo ukhale mainchesi 0.015, amene ndi mamilimita 0.38. Ntchito imeneyi isadumphidwe, pakuti mpata ukakula moto umafulumira, ndipo ukachepa moto umachedwa. Wosintha mpata atatchera kale taimingi wawononga ntchito yake.

3. Makaniko atseke ndi chala bowo la pulagi la silinda yoyamba, imene ili pafupi ndi rediyeta, mnzake akuzunguza injini ndi hendulo. Mpweya ukayamba kukankha chala, ndiye kuti pisitoni ikukwera mavalavu onse ali otseka. Azunguzebe pang'onopang'ono mpaka kabowo ka m'mphepete mwa pule ya kutsogolo kwa injini kayang'anizane ndi kachitsulo kolozera. Pamenepo ndiye pa TDC, ndipo rota iyenera kuloza waya wopita ku silinda yoyamba.

4. Malo a madigiri 4 apezedwe motere: makaniko ayeze ndi tepi kuzungulira pule yonse, ndipo utali umene wapeza augawe ndi 90. Yankho lake ndilo mtunda wochokera pa kabowo kaja. Alembe chizindikiro cha choko kutsogolo kwa kabowoko, mbali imene pule imalowera pozungulira. Munthu akaima kutsogolo kwa galimoto, puleyo imayenda monga mivi ya wotchi.

5. Injini ibwezedwe m'mbuyo pang'ono, kenaka iyendetsedwe kutsogolo mpaka choko chifike pa kachitsulo kolozera. Kufika pachizindikiro mobwerera m'mbuyo kumasokoneza muyeso, chifukwa tcheni cha injini yakale chimakhala chokhwepa.

6. Waya umodzi wa babu ulumikizidwe pamene waya waung'ono wochokera ku koyilo umalowera mu disitibyuta, winawo ugunde chitsulo cha injini. Bawuti yomanga disitibyuta imasulidwe pang'ono, kenaka kiyi atsegulidwe.

7. Rota ya disitibyuta ya Lucas imazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Choncho makaniko apotoze thupi la disitibyuta mbali yomweyo mpaka babu lizime, kusonyeza kuti mapoyinti atseka. Kenaka alibweze mwapang'onopang'ono motsata mivi ya wotchi, ndipo aleke pomwe babu langoyamba kuyaka. Apo mapoyinti ayamba kutseguka, ndipo ndi nthawi imene koyilo imatulutsa moto.

8. Bawuti imangidwe, kiyi azimitsidwe msanga kuti koyilo isatenthe, ndipo mapulagi abwezeretsedwe. Mawaya atsate dongosolo la 1-3-4-2 molondola mayendedwe a rota.

Kuyesa Pamsewu

Nambala ya m'buku ndi poyambira chabe. Petulo wa lero ndi wosiyana ndi wa m'zaka za m'ma 1950. Mwachitsanzo, maiko a kum'mwera kwa Sahara analeka kugulitsa petulo wa mtovu pofika mu 2006. Injininso inakalamba. Choncho injini ikafunda, dalaivala ayendetse galimoto m'giya yomaliza pa liwiro la pafupifupi makilomita 50 pa ola, kenaka aponde mafuta mpaka pansi n'kumvetsera. Ngati kulira kwa timiyala kuja kukupitirira, moto wafulumira. Pambali pa disitibyuta pali kanati kopotoza ndi zala kolembedwa A ndi R: mbali ya A imafulumiza moto, ya R imauchedwetsa. Kapotozedwe pang'ono kupita ku R, ndipo galimoto iyesedwenso mpaka phokosolo lithe.

Zoyenera Kukumbukira

Kachidutswa ka mapoyinti kamene kamakhudzana ndi shafuti kamaperepeseka ndi nthawi. Mpata umachepa ndipo moto umayamba kuchedwa mwini galimoto osazindikira. Nchifukwa chake mpata ndi taimingi ziyenera kuonedwa pamodzi nthawi zonse pamene mapoyinti asinthidwa kapena disitibyuta yachotsedwa. Ndi bwinonso kulemba m'kabuku tsiku la ntchitoyo ndi pamene kanati kaja kanasiyidwa, kuti wodzagwira injiniyo m'tsogolo adzadziwe poyambira.