Chama: Utoto Wokumba Pansi

Munthu wochokera ku Lundazi kulowera kumpoto amadziwa kuti Chama yayandikira thukuta likayamba kuyenderera kumsana. Msewu umatsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa, mitengo ya tsanya imachuluka, ndipo mwezi wa Okutobala mphepo yake imakhala ngati yotuluka m'ng'anjo. Kuno ndi kwa Asenga, kwa mafumu monga Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda. Chilankhulo chawo n'chapachibale ndi Chitumbuka, ndipo kuseri kwa malire kum'mawa kuli Rumphi ndi dambo la Vwaza m'Malawi. Boma la Chama linasamutsidwira m'chigawo cha Muchinga mu 2011, kenaka mu 2021 linabwereranso m'chigawo cha Kum'mawa. Ambiri amalidziwa chifukwa cha mpunga wake wonunkhira. Koma ife lero tiwerame, tione pansi pamene tikupondapa.

Dothi la m'chigwachi si lamtundu umodzi. M'madambo muli makande, akuda bii, omata m'dzinja ndi ong'ambika ming'alu m'chilimwe. Pokwera pali katondo wofiira. Pamene mtsinje wagumula gombe, munthu amaona mizere ya dothi itasanjikizana: apa lachikasu, apo lotuwa, pena loyera ngati ufa. Odziwa bwino malo oterewa ndi amayi, pakuti iwo ndiwo amazira nyumba ndi kukongoletsa zipupa. Mayi amatha kupitirira dothi la pakhomo pake n'kukatapa lakutali, chifukwa akudziwa kuti lakutalilo likauma silisintha maonekedwe. Mmisiri wosema akafuna kupaka mpando kapena chitseko, kumene angafunse nzeru ndi kwa amayi omwewa.

Kufiira kwa katondo ndi dzimbiri, lomwe lija limagwira khasu loiwalidwa pamvula. M'dothi muli chitsulo, ndipo chitsulocho chikakumana ndi mpweya chimachita dzimbiri. Dothi lachikasu nalonso ndi dzimbiri, koma lake lili ndi madzi omangika m'kati mwake. Mukaliwotcha madziwo amachoka, ndipo chikasu chija chimasanduka chofiira. Aliyense amene anaumbapo njerwa anaziona zimenezi: zimalowa mu uvuni zotuwa, zimatuluka zili psuu.

Dothi longokumba silipakidwa pathabwa, chifukwa mchenga wake umakanda. Liyenera kutsukidwa kaye. Amalipera pamwala, n'kulithira mumphika wa madzi, n'kuvundula. Mchenga ndi timiyala zimathamangira pansi. Madzi amatope a pamwamba amawatsanulira mumphika wina n'kuwasiya usiku wonse kuti adikhe. M'mawa amakhuthula madzi oyera mosamala, ndipo chotsala pansi ndi phala losalala, lomwe likauma padzuwa limasanduka ufa wa utoto. Woleza mtima amabwereza kawiri kapena katatu.

Apa pali chinthu chimene ophunzira ntchito ambiri amalakwitsa. Ufa wa dothi susungunuka ngati mchere, choncho sulowa m'kati mwa mtengo. Umangokhala m'timabowo ndi m'timizere ta pamwamba. N'chifukwa chake thabwa la mizere yotseguka limaulandira bwino, pamene mtengo wolimba ndi wosalala kwambiri umaukana. Mukapaka ndi madzi okha, mlendo woyamba kukhala pampandowo adzanyamuka ndi utoto wonse pachovala. Pafunika chomatira. Mafuta a nsatsi, amene makolo ankasakaniza ndi dothi lofiira podzola thupi, sauma msanga, ndiye pathabwa amangonanda n'kumakoka fumbi. Phula la njuchi lofewetsedwa pamoto ndiye labwino, ndipo akalipentala a masiku ano amathirako vanishi wa m'sitolo pamwamba. Nsalu yopukutira ikadutsa, utoto umatsala m'mizere mokha, ndipo maonekedwe a mtengowo amaonekera bwino koposa kale.

Mitengo nayo ili ndi kufiira kwake. Mlombwa ukatemedwa umatuluka madzi ngati magazi, ndipo Abemba, anansi a kumadzulo kuseri kwa mapiri a Muchinga, amapera mtima wa mtengo wa mukula kukhala ufa wofiira wotchedwa nkula. Mukula unadulidwa kwambiri potumizidwa ku China, mpaka mu 2019 mayiko anauika pa mndandanda wa CITES wa mitengo yosagulitsidwa chisawawa. Koma ngakhale ukanakhala wochuluka, utoto wa mtengo umagonja padzuwa: umazilala kapena kuda. Dzimbiri la dothi dzuwa silingalichite kanthu, ndipo m'chigwa chotentha ngati cha Chama umenewu si mwayi wochepa.

Wofuna kuda ali ndi njira zingapo. Pali mwaye wa kudenga la khitchini, pali chitsulo chamoto cholembera timizere pa mipini ndi zipande, palinso matope a m'dambo. Mtengo wa madzi owawa, ngati aja ofufutira zikopa, ukakwiriridwa m'matope okhala ndi chitsulo umada wokha, ndipo kuda kumeneku kokha ndiko kumalowa m'kati. Ogulitsa ziboliboli m'matauni ena amangopaka polishi wa nsapato n'kunena kuti ndi phingo. Limenelo ndi bodza lonunkha, mphuno yokha imaligwira.

Luso limeneli n'lakale kuposa mudzi uliwonse. Ku Twin Rivers, pafupi ndi Lusaka, katswiri wofukula zakale Lawrence Barham anapeza timiyala ta utoto topereka zizindikiro zoti anthu ankatipera zaka zoposa 200,000 zapitazo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, zithunzi zofiira za Akafula zikuonekabe pamiyala, pambali pa zoyera zimene Achewa anajambula pambuyo pake. Ngakhale utoto wodula wa m'zitini wotchedwa sienna unatenga dzina ku Siena, mzinda wa ku Italy, ndipo nawonso ndi dothi lachikasu lomwe akaliwotcha limafiira.

Ku Chama, nyengo yotapa dothili ndi chilimwe, mpunga utalowa m'nkhokwe. Mvula ikangoyamba, timitsinje totsikira ku Luangwa timasefukira, magombe aja amamira, ndipo amene sanasunge ufa wake m'chikho adikira mpaka madzi aphwe.